Nyumba ya Madokotala Osaoneka: Mbiri ya Royal College of Pathologists

Munthu akadwala chotupa, napita kuchipatala, nagonekedwa pa tebulo la opaleshoni, dzina limene amalisunga mumtima akachira ndi la dokotala amene anagwira mpeni. Ndipo pobwerera kwawo, abale atamzinga pakhonde kuti amve za ulendo wake, amasimba za manja a dokotalayo, za anamwino amene ankamtembenuza usiku, ngakhale za phala limene ankamwa m'mawa, koma sasimbako za munthu wina amene sanaonane naye maso ndi maso, amene anakhala m'chipinda chakutali ndi bedi lake, nalandira kachidutswa ka mnofu wochotsedwa uja katalimbitsidwa m'mankhwala, katakwiriridwa m'phula, katasengedwa mopyapyala koposa khoko la anyezi ndi kupakidwa utoto, nakaika pansi pa maikulosikopu, nagamula pomwepo ngati chotupacho chili khansa kapena iai. Mawu a munthu ameneyu ndiwo amanena ngati bere lidulidwe kapena lisiyidwe, ngati wodwala ayambe mankhwala owawa a miyezi yambiri kapena apite kwawo ndi mtendere. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ntchito ya dokotala ameneyu ndiyo kung'amba chipatsocho ndi kuziona nyererezo zisanathe mtengo wonse. Nthambi imeneyi ya udokotala imatchedwa pathology, ndiko kunena kufufuza magwero ndi makhalidwe a matenda. Ndipo nkhani yathu ili ya bungwe limene madokotala otere anadzimangira ku Britain m'chaka cha 1962, kuti liziyang'anira maphunziro a olowa ntchitoyi ndi kuwayesa asanawakhulupirire ndi miyoyo ya anthu.

Mizu ya ntchitoyi

Kwa zaka mazana ambiri asing'anga a ku Ulaya ankakhulupirira kuti matenda amadza pamene madzi a mitundu inayi a m'thupi asokonekera muyeso wake, ndipo ankachiza pokhetsa magazi ndi kutsegula m'mimba, osafunsa kuti nthendayo yamanga msasa m'chiwalo chiti. Koma m'chaka cha 1761 nkhalamba ina ya ku Italy, Giovanni Battista Morgagni, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Padua, ili ndi zaka 79, inasindikiza buku lalikulu m'mene inalongosola mitembo pafupifupi 700, nilumikiza zimene wodwala aliyense ankadandaula ali moyo ndi zimene zinapezeka m'kati mwake atatsikira kuli chete. Ndipo kuyambira pamenepo kunadziwika kuti nthenda ili ndi pokhala pake, monga munthu ali ndi mudzi wake. Mu 1858 Rudolf Virchow wa ku Berlin anatsitsa nkhaniyi kuichotsa pa chiwalo naifikitsa pa selo, kanthu kosaoneka ndi maso kamene thupi lonse linamangidwa nako, naphunzitsa kuti nthenda imayambira pamenepo. Mu 1882 Robert Koch anaonetsa kachilombo ka chifuwa chachikulu, ndipo mu 1901 Karl Landsteiner wa ku Vienna anazindikira kuti magazi a anthu ali m'magulu, kotero kuti magazi a munthu akhoza kupulumutsa mnzake mmodzi ndi kupha wina. Motero ntchito imene inayambira m'nyumba ya chisoni inaphuka nthambi zambiri: ena anatsata minofu, ena tizilombo, ena magazi, ena shuga ndi mchere ndi zina zosungunuka m'madzi a m'thupi.

Ku Britain nthambi zimenezi zinakula, koma eni ake sanalandire ulemu wolingana ndi katundu amene anasenza. Asing'anga ochiza ndi mankhwala anali ndi bwalo lawo, Royal College of Physicians, limene Mfumu Henry VIII inaliloleza mu 1518. Madokotala a mpeni anali ndi lawo, limene linalandira chikalata chachifumu mu 1800. Koma munthu wa maikulosikopu kawirikawiri ankakhala m'chipinda chapansi, moyandikana ndi nyumba ya chisoni, ndipo madokotala achinyamata ambiri ankaiyesa ntchitoyo mthunzi wongopumirapo podikira mpando waulemu m'mawodi. Tinene pano, kuti owerenga asasokere, kuti mawu oti College m'maina amenewa sanena za sukulu ya makalasi ndi zipinda zogona ophunzira. Anena za bwalo la akatswiri a ntchito imodzi, ofanana ndi anamkungwi, amene amapangana chimene wolowa ntchitoyo ayenera kudziwa, namuyesa, namvomereza kapena kumbweza. Mu 1906 aphunzitsi a m'mayunivesite anayambitsa Pathological Society of Great Britain and Ireland, kuti azisonkhana ndi kuwerengerana zimene atulukira. Ndipo mu 1927 Sidney Dyke, dokotala wa pa chipatala cha ku Wolverhampton, poona kuti anzake a m'zipatala za m'zigawo, amene tsiku ndi tsiku ankayeza magazi ndi makhololo a odwala amoyo, analibe wowalankhulira, anasonkhanitsa gulu limene linadzatchedwa Association of Clinical Pathologists. Mabungwe onse awiri anali a misonkhano ndi zokambirana; panalibe limodzi lokhala ndi mphamvu ya kuyesa munthu ndi kumveka chizindikiro cha ukatswiri.

Mapanga awiri

Chimene chinaika nkhaniyi pamoto ndi kusintha kwakukulu kwa pa 5 Julayi 1948, tsiku limene boma la Britain linatenga zipatala zambiri za m'dzikomo m'manja mwake, niliyambitsa National Health Service, kuti munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, azilandira chithandizo osatulutsa ndalama pakhomo la chipatala. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itaonetsa kale phindu la kusunga magazi ndi la kulondola miliri kumene yachokera. Tsopano odwala anachuluka, malabotale anamangidwa m'zipatala za m'maboma, ndipo panafunika akatswiri ambiri owayang'anira. Koma taonani vuto lake: makomiti olemba ntchito madokotala akuluakulu ankafuna kuona chiphaso cha maphunziro apamwamba, ndipo chiphaso cholemekezeka chimene chinalipo chinali cha bwalo la asing'anga ochiza aja, chimene mayeso ake anali a pambali pa bedi, a kumvera kugunda kwa mtima ndi kugogoda pachifuwa. Chifukwa chake mnyamata wofuna ntchito ya maikulosikopu ankayenera kuisiya kwa nthawi, nakalimbana ndi mayeso a ntchito ya mwini. Ndipo akakhoza, chiphasocho sichinkachitira umboni ngakhale pang'ono ngati iye adziwa kusiyanitsa khansa ndi chotupa chosaopsa. Analipo madipuloma ena a pathology, koma sankalemera pa sikelo ya olemba ntchito monga chiphaso chija. Mapanga awiri avumbwitsa: wophunzirayo sanali wa kuwodi ndithu, sanali wa kulabotale ndithu, ndipo mvula imene inamnyowetsa iye inkafika ndi kwa odwala omwe.

M'zaka zonse za m'ma 1950 akatswiriwa anakhala akutsutsana za chochita. Ena, makamaka achikulire ndi aphunzitsi ena a m'mayunivesite, anati ndi bwino kupempha chipinda m'nyumba yakale ya asing'anga ochiza, ndi kukhala nthambi yake. Pakuti, anatero iwo, wofufuza matenda ali sing'anga poyamba, ndipo akadzipatula kwa abale ake adzayesedwa mmisiri wamba wa mabotolo ndi magalasi. Koma ena anayankha kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndi kuti wokhala m'nyumba ya mwini sasankha pomanga khomo. Analoza madokotala a amayi ndi uchembere, amene anadziimira paokha mu 1929, ndi madokotala a m'midzi ndi m'mabanja, amene anachita chomwecho mu 1952, nafunsa chifukwa chimene iwo okha ayenera kukhala akamwini mpaka kalekale. Panalinso mfundo ina imene inali yovuta kuimeza: m'malabotale munali asayansi ambiri odziwa bwino za tizilombo ndi za madzi a m'thupi, amene sanadutse sukulu ya udokotala, ndipo nyumba ya asing'anga inalibe mpando wa anthu otere. Makalata anayenda, makomiti anakhala pansi, mavoti anaponyedwa. Ndipo potsiriza pake ofuna nyumba yawoyawo anapambana.

Kumanga nyumba

Ndipo kunali pa 21 Juni 1962 kuti akatswiriwa anasonkhana m'nyumba ya London School of Hygiene and Tropical Medicine, nakhazikitsa College of Pathologists. Amene anamkhazika pa mpando woyamba wa upulezidenti anali Sir Roy Cameron, ndipo kusankhako kunali kwanzeru; pakuti iye, wobadwira ku Australia mu 1899, mwana wa mbusa wa mpingo wa Methodist, amene anaphunzira udokotala ku Melbourne nadzakhala mphunzitsi wamkulu pa University College Hospital mu London, anali munthu wa kafukufuku, wodziwika kutali pa matenda a chiwindi, amene ngakhale aphunzitsi okayika aja sakanatha kumpeputsa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Iye anatsogolera bungweli kufikira 1966, chaka chimene anamwalira. Ndipo Theo Crawford, amene anasenza ntchito ya ulembi pa chiyambi, anadzakhalanso pulezidenti mu 1969. Pa chizindikiro chawo analembapo mawu achilatini onena za kupeza pokhala pa matenda ndi magwero ake, potsata mutu wa buku la Morgagni lija, monga mwana amene atchedwa dzina la agogo ake kuti mbumba isaiwale kumene inachokera.

Akatswiri amene anali atakhwima kale pa ntchito analandiridwa monga eni nyumba oyamba, osalemba mayeso; koma bungweli linadziwa kuti linabadwira mayeso, ndipo silinazengereze: mu 1964 ophunzira oyamba anakhala pansi kuyesedwa, ndipo m'zaka zowerengeka chiphaso chatsopanocho chinakhala chimene makomiti olemba ntchito ankayamba kufunsa. Khomo linatsegukiranso asayansi aja, pamodzi ndi madokotala a ziweto ndi a mano amene ntchito yawo ili yofufuza matenda, ndipo ichi chinalisiyanitsa bungweli ndi mabwalo akale. Mu 1970 Mfumukazi Elizabeth II anapereka chikalata chachifumu, dzina nilikhala Royal College of Pathologists. Ndipo chaka chomwecho bungweli, limene linayambira m'zipinda zalendi, linalowa m'nyumba yaulemu ya pa 2 Carlton House Terrace, pafupi ndi St James's Park, m'mene linakhala zaka zoposa 40. Pa mpando wa upulezidenti panadutsa akatswiri a nthambi zosiyanasiyana, monga Sir John Dacie wa matenda a magazi. Ndipo mu 1984 Barbara Clayton, katswiri wa matenda a ana oyezedwa m'madzi a m'thupi, anakhala mayi woyamba kulitsogolera. Mu 2015 linatuluka m'nyumba ija, ndipo mu 2018 linalowa m'nyumba yatsopano imene linadzimangira pa Alie Street, chakum'mawa kwa London. Lero lili ndi mamembala oposa 11,000, ndipo limayang'anira nthambi 17 za ntchitoyi.

Njira ya wophunzira

Koma mbiri ya bungwe lotere siili m'nyumba zake. Ili m'njira imene linalambulira wophunzira, ndipo pamenepa tiyenera kukhalapo pang'ono. Mnyamata kapena mtsikana amayamba ndi zaka 5 kapena 6 pa sukulu ya udokotala. Akatero amagwira zaka 2 m'mawodi, kuti adziwe odwala ali amoyo, kulira kwawo ndi mantha awo, asanayambe kuwadziwa pa kagalasi. Ndipo pokhapo amapikisana ndi anzake kuti apeze malo a maphunziro a ukatswiri, amene kwa wofufuza minofu amatenga zaka zina 5. Sakhala m'kalasi ayi: amalembedwa ntchito m'chipatala, nalandira malipiro, naphunzira pogwira. M'mawa amaima pa tebulo lodulira, pamene pafika zonse zochokera ku opaleshoni, kuyambira kanjere ka pakhungu kufikira thumbo lathunthu. Amayeza kukula kwa chotupa, napaka inki m'mphepete mwa mnofuwo kuti adzadziwe ngati mpeni unadutsa kunja kwa nthenda kapena unasiyako mbewu, nasankha tizidutswa toyenera kuikidwa m'phula. Masana amakhala ndi mphunzitsi wake pa maikulosikopu ya mitu iwiri, onse akuona chinthu chimodzi nthawi imodzi, wamkulu akuloza ndi kamuvi kowala, wamng'ono akunena chimene akuganiza, nadzudzulidwa, nayesanso. Ndipo mlungu ndi mlungu amapita ku msonkhano kumene madokotala a mpeni, a khansa ndi a zithunzi za m'thupi amakambirana za wodwala mmodzimmodzi, namva ndi makutu ake m'mene mawu amodzi a mu lipoti lake asinthira chithandizo cha munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Diso lotere silipangidwa ndi buku, koma ndi timagalasi zikwi zambiri toonedwa pambali pa munthu wodziwa.

Pa njirayi bungwe linaikapo zipata. Pakutha pa chaka choyamba wophunzirayo amaunikidwa ngati ali ndi diso la ntchitoyi, kuti wosayenera abwerere dzuwa likali m'mwamba. Pambuyo pake pali gawo loyamba la mayeso aakulu, loyesa chidziwitso cha m'mutu. Ndipo chakumapeto kuli gawo lachiwiri, loopedwa ndi onse, la masiku awiri, m'mene woyesedwa amapatsidwa timagalasi ta odwala 20 kuti atchule nthenda ya aliyense nthawi ikuthamanga, napatsidwanso maselo a m'madzi otengedwa ndi singano, ndi minofu youmitsidwa ndi chisanu monga imene imabwera wodwala akali chigonere pa tebulo la opaleshoni dokotala akudikira yankho, nafunsidwanso pakamwa ndi akuluakulu. Luso la kupima mitembo lili ndi chiphaso chakechake. Wopambana amalemba zilembo za FRCPath kumapeto kwa dzina lake. Kufikira 2008 ankayamba ndi MRCPath, nadikira zaka kuti akwezedwe. Koma chilolezo chotsiriza chokhalira katswiri chimachokera ku General Medical Council, bungwe losunga kaundula wa madokotala, limene limavomerezanso ndondomeko ya maphunziro imene College yalemba. Tikawerenga zonse pamodzi, kuchokera tsiku lolowa sukulu ya udokotala kufikira tsiku losaina lipoti payekha, zimakwana zaka 12 kapena kuposerapo.

Chodabwitsa n'chakuti mapanga awiri aja sanatheretu. Dokotala wa matenda a magazi, amene m'mawa amaona maselo pa kagalasi ndipo masana amachiza mwini magaziwo m'wodi, amayamba wakhoza mayeso a asing'anga ochiza asanalembe a bungweli, ndipo ambiri a nthambi ya tizilombo amadzera njira yomweyo; koma tsopano mabwalo awiriwa amakonzera pamodzi maphunzirowo monga akulu anzawo, popanda mwini nyumba ndi mkamwini. Ndiponso bungweli silimsiya munthu akakhoza: limalemba mndandanda wa zimene lipoti la khansa ya mtundu uliwonse liyenera kutchula, kukula kwa chotupa, ukali wake, ndi kumene chafika, kuti wodwala wa m'tauni yaing'ono alandire yankho lofanana ndi la wodwala wa mu London, ndipo akatswiri okhwima kale amatumiziridwa timagalasi toyeserera, kuti diso lokalamba lisadzinyenge.

Masiku a manyazi

Tikadalekera pamenepa, tikadanena mbiri ya theka. Mu 1999, pa kafukufuku wa imfa za ana ochitidwa opaleshoni ya mtima ku Bristol, kunamveka kuti zipatala zinali ndi chizolowezi chosunga ziwalo za ana omwalira makolo osadziwa. Ndipo maso onse anatembenukira ku chipatala cha ana cha Alder Hey mu mzinda wa Liverpool, kumene pakati pa 1988 ndi 1995 ziwalo za ana mazanamazana zinachotsedwa ndi kuunjikidwa m'mabotolo, zambiri osaziyeza n'komwe. Lipoti la boma linatuluka mu Januwale 2001, ndipo kalembera wa nthawi yomweyo anapeza kuti m'zipatala ndi m'sukulu za udokotala za ku England munali ziwalo ndi matupi a makanda zoposa 100,000. Makolo amene anaika ana awo m'manda poyesa kuti aika thupi lathunthu anachita maliro kachiwiri, ena kachitatu. Ife amene tidziwa kulemera kwa maliro, ndi kuti mtembo uli ndi eni ake, sitifunika kuuzidwa kukula kwa bala limenelo. Zimene zinachitika ku Liverpool zinapyola muyeso uliwonse. Komabe chizolowezi chosunga ziwalo osalongosolera abale chinali ponseponse, ndipo chinachokera m'mtima wodziyesa wachifundo, woti tisawawitse olira ndi mawu ovuta, umene kunena zoona unali kuwalanda ufulu wawo wa kuvomera kapena kukana.

Bungweli linatulutsa malangizo atsopano mu 2000, onena kuti chiwalo chisasungidwe popanda abale kumvetsa ndi kulola. Ndipo mu 2004 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Human Tissue Act, lamulo limene linaika chilolezo pa maziko a zonse, ndi chilango kwa olakwira. Koma madzi akatayika saoleka. Achinyamata anaithawa nthambi yofufuza matenda a ana, ndipo kupima mitembo mwa chilolezo cha abale, kumene kunkatsika kale, kunatsikiratu, kotero kuti pofika 2013 sikunkafika pa munthu mmodzi mwa anthu 100 omwalira m'zipatala. Pamenepa bungweli linaphunzira chimene mayeso ake oyamba sanachifunse, ndicho chakuti katswiri amene anthu samuona ayenera kudzionetsa yekha ndi kufotokoza ntchito yake. Chifukwa chake mu 2008 linayambitsa mlungu wa chaka ndi chaka umene akatswiri amatsegula zitseko za malabotale ndi kupita m'masukulu, ndipo m'maphunziro a lero muli kulankhula ndi ofedwa ndi kudziwa malamulo a chilolezo.

M'masiku omwewo a nkhani ya Alder Hey dzikolo linagwedezeka ndi mlandu wina. Harold Shipman, dokotala wa m'tauni ya Hyde pafupi ndi Manchester, anapezeka wolakwa mu Januwale 2000 pa kupha odwala 15, ndipo kafukufuku wotsogozedwa ndi Dame Janet Smith anapeza kuti ophedwawo anaposa 200. Anatha kubisala zaka zambiri chifukwa iye mwini ndiye ankalemba zikalata za imfa, popanda diso lachiwiri loona ngati zolembedwazo zili zoona. Mankhwala a bala limeneli anali kuika madokotala apadera ounika imfa iliyonse imene sinapite kwa woweruza za imfa, owerenga mabuku a wodwala, ofunsa dokotala amene anamsamala, ndi omvera abale ngati ali ndi chodandaula. Ntchito yophunzitsa madokotala amenewa inaperekedwa kwa Royal College of Pathologists, ndipo kuyambira pa 9 Seputembala 2024 dongosololi lili lamulo ku England ndi Wales. Bungwe limene linadzudzulidwa chifukwa chosafunsa ofedwa ndilo tsopano liphunzitsa madokotala kuwafunsa.

Kutsidya kuno kwa nyanja

Nkhaniyi, ngakhale ili ya ku Britain, ili ndi ulusi wofika kwathu kuno. Mu 1961 Denis Burkitt, dokotala wa mpeni wa ku Kampala, anayenda ulendo wautali pa galimoto ndi anzake awiri, kudutsa m'zipatala za maiko ambiri kuphatikizapo Nyasaland, kulondola kumene kumapezeka khansa yotupitsa nsagwada za ana. Anali ofufuza minofu a pa yunivesite ya Makerere amene anazindikira mtundu wa khansayo, ndipo anali wofufuza matenda wa pa Middlesex Hospital mu London, Anthony Epstein, pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong, amene mu 1964, chaka chomwe chija cha mayeso oyamba, anapeza m'maselo a chotupacho kachilombo koyamba kodziwika kuti kamakhudzana ndi khansa ya anthu. M'zaka za m'ma 1970 tizidutswa ta minofu ta m'zipatala za m'Malawi tinkatumizidwa ku St Thomas' Hospital mu London, kumene Michael Hutt, amene anaphunzitsapo ku Makerere, ankatiyeza ndi anzake, yankho nilibwerera pa ulendo womwewo wodwala akudikira. Lero ena mwa mamembala a bungweli ali kunja kwa Britain. Koma maiko a kuno anaona, monga anaonera a mu 1962 aja, kuti chipata cha mwini sichikwanira, ndipo mu 2010 anakhazikitsa bwalo lawo, College of Pathologists of East, Central and Southern Africa. Mabwalo awiriwa anagwirira pamodzi ntchito ya LabSkills Africa kuyambira 2013 kufikira 2015, yophunzitsa ogwira ntchito m'malabotale 20 a ku Kenya, Tanzania, Uganda, Zambia ndi Zimbabwe.

Ngakhale ku Britain komweko antchito ali owerengeka pa munda waukulu: kafukufuku wa bungweli wa mu 2018 anapeza kuti mwa madipatimenti ofufuza minofu 100 alionse, atatu okha ndiwo anali ndi akatswiri okwanira ntchito yawo, ngakhale kuti makina ojambula timagalasi ndi kutitumiza pa kompyuta ayamba kupeputsako katundu. Ngati zili tero kumene kuli bwalo la zaka zoposa 60, nanga kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kumene m'maiko ambiri katswiri mmodzi amatumikira anthu oposa 500,000, kwina oposa miliyoni? Yesero limakhala lakuti tifupikitse zaka ndi kutsitsa chipata, kuti antchito achuluke msanga; koma mbiri imene tasimbayi itichenjeza kuti wodwala amene sadzamuona konse woweruza mlandu wa thupi lake alibe pena potsamira koma pa chipata chimenecho, ndi kuti chipatacho chiyenera kuyesa diso ndi mtima womwe. Chifukwa chake, inu owerenga, tsiku limene dokotala adzakuuzani kuti dikirani zotsatira zichokere ku labotale, dziwani kuti kuli munthu amene wawerama pa kachidutswa ka thupi lanu, amene anatha zaka 12 kuphunzira kukaona. Ndipo ngati pa mbumba yanu pali mwana wa ku sukulu ya udokotala, wodekha ndi wa diso lakuthwa, amene mtima wake wakonda maikulosikopu koposa mpeni, musamletse.